Foni ya Lachitatu M'mawa

Inu amene mukuona ngati zonse zakutherani, tamvani za mtsikana uyu.

Anzake kusukulu ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankapuma. Koma mliri utafika, sukulu n'kutsekedwa, anthu n'kuuzidwa kuti abindikire m'nyumba, Wailesi anazima. Bambo ake anatengedwa pa ambulansi akubanika, ndipo sanabwerenso. Anaikidwa m'manda ndi anthu achilendo ovala zoyera thupi lonse. Banja linangouzidwa pafoni.

Kuyambira pamenepo Wailesi ankangogona kuyang'ana kukhoma. Jekete la bambo ake linali likadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Mayi ake akamuikira chakudya pampando, ankachipeza chitazizira mmene anachisiyira. Mabuku okonzekera mayeso omaliza a kusekondale anawakankhira kunsi kwa bedi.

Tsiku lina kunabwera azakhali ake ndi nkhani. Mwini golosale ya pakona, bambo wa imvi kale, ankamufuna banja mtsikanayo.

"Mlamu, sukulu sizitsegulidwanso izi," anatero azakhaliwo. "Mwanayu azingogona mpaka liti? Kumeneko azikadya bwino."

Mayi ake anangoweramitsa mutu. Msika umene ankagulitsako masamba unali wotseka. Wailesi anamva zonse ali kuchipinda, koma sanalire n'komwe. Mumtima anangoti, chichitike chichitike.

Lachitatu m'mawa kafoni ka mayi ake kanalira. Anali aphunzitsi a masamu a Wailesi, mayi wamtali amene ana ankawaopa chifukwa sankaseka wamba. Ankaimbira ophunzira awo mmodzimmodzi. Mayi ake anamupititsira foniyo kuchipinda.

"Mwanangu, ndamva za bambo ako. Za masamu tisiye kaye. Ukupeza bwanji?"

Wailesi anangogwira foniyo kukhutu, maso ali kukhoma.

"Chabwino, usalankhule. Koma ine sindidula."

Anakhala choncho kanthawi ndithu, kumangomveka kupuma kokha. Lachitatu lotsatira anaimbanso, zomwezomwezo. Ulendo wachitatu mtsikanayo analira mokweza, n'kukhuthula zonse: za jekete, za njala, za mwini golosale.

Kutacha aphunzitsiwo anatulukira atavala masiki, n'kuima chapatali ndi khomo. Anaika pansi jumbo ya sopo, nyemba ndi mapepala a mafunso.

"Mayi, mwanayu ndi wamng'ono, sangalowe m'banja," anatero. "Ndipatseni ine mpaka alembe mayeso. Alamu anuwo akabweranso, muwapatse nambala yanga."

Mayi ake anapukuta misozi. "Nanenso sindimafuna, madamu. Ndimangosowa wondilimbitsa mtima."

Wailesi anapatsidwa malamulo: kudzuka, kusamba, kudya, kuwothera dzuwa pakhonde, kenako mafunso asanu. Anapatsidwanso manambala a anzake atatu a m'kalasi amene nawonso zinthu zinali zitawathina.

"Uziwaimbira, mayunitsi ndizikutumizira," anatero aphunzitsiwo. "Unkandisokosera m'kalasi chaka chonse, ndiye pakamwapo pagwire ntchito tsopano."

Aka kanali koyamba kuti mtsikanayo aseke chimwalirire bambo ake.

Sikuti zinangoyenda myaa. Mnzake woyamba anamudulira foni. Wachiwiri anamuululira kuti achimwene ake akaledzera amamumenya, ndipo Wailesi anauza aphunzitsi, amene anapeza anthu oteteza ana n'kumusamutsira kwa agogo ake. Masiku ena iye mwini ankabwerera pabedi osafuna kuona munthu. Azakhali aja anabweranso kawiri ali lunda, koma mayi ake anaima pakhomo nji, n'kuwauza kuti nkhaniyo inatha.

Sukulu zitatsegulidwa analemba mayeso, koma sanakhoze mokwanira. Anabwereza chaka, atakhala pakati pa ana amene kale ankamutcha achemwali. Ulendo wachiwiri anakhoza bwino, n'kupita kukaphunzira unamwino. Lero amagwira ntchito pachipatala, m'kachipinda kolandirira achinyamata, momwe mtsikana kapena mnyamata amatha kutseka chitseko n'kunena zimene sanganene kunyumba.

Atangoyamba ntchito anapita ndi mayi ake kukathokoza aphunzitsi aja, omwe anali atapuma pantchito. Wailesi anagwada, koma mawu onse amene anakonza panjira anamuthawa.

"Madamu, pakanapanda inu..."

"Dzuka, mwanangu," anatero aphunzitsiwo akumugwira dzanja. "Pali chimene sukudziwa. Miyezi imene ija amuna anga anali m'chipatala, akupumira makina, ndipo sankandilola kukawaona. M'nyumba muno ndinali ndekhandekha. Chimene chinkandidzutsa m'mawa ndi mawu a ana inu. Wothokoza ndine."

Atatuwo anakhala pakhonde la aphunzitsiwo mpaka tiyi anazizira, akulira n'kumasekanso.

Owerenga anzanga, ngati zakuthinani, wina akakufunsani mmene mukupezera, muuzeni zoona. Ndipo ngati pali mwana amene wasiya kuseka masiku ano, musadikire kuti abwere yekha, mufuneni lero lomwe. Zina zonse zikhoza kutayika, koma mtima wokhawo musautaye.