Payipi yanga inali m'kompyuta ya mwana wanga

Ntchito yanga inali yoyala mapayipi pansi pa nthaka. Malo ogona alendo angapo ku Senga Bay amamwa madzi odutsa m'manja mwanga. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo sindichita nazo manyazi.

Amene anapita patali ndi mwana wanga wamkazi. Anakalembedwa ntchito kunja, ku kampani ya gasi. Atabwera kutchuthi ndinamufunsa chimene amagwira kumeneko.

"Yanu yomweyi, ababa. Kungoti ine sindigwira fosholo."

"Ndiye ndi ntchito imeneyo?"

Anaseka, n'kutsegula laputopu. Anati gasi akamathamanga m'payipi yokwiriridwa amatenga timchenga, ndipo timchengato timapala chitsulo m'kati, makamaka pokhota. Kunja payipi imaoneka yabwinobwino. Kompyuta ndiyo imalosera pamene padzabooke, anthu asanakumbe.

Ndinamuuza kuti payipi yanga yochoka kunyanja kupita kudimba imadyekanso chimodzimodzi. M'mawa mwake anatenga tepi, tinapita. Iye ankayeza, ine nditagwira kunsonga. "Kokani bwino, madala, mukunjenjemera!" Munthu wina sakanandiyankhula choncho.

Asanabwerere anandionetsa payipi yanga pagalasi la laputopu ija: timadontho tikuyenda m'kati, pokhota pali pofiira. Pansi pake anali atalemba dzina langa ndi lake. Ndinati, "Yafanana." Anati sanamalize, adzamaliza akadzabweranso.

Anabweranso ali m'bokosi. Anadwala masiku ochepa chabe.

Maliro atatha, akuchikazi anasonkhana kudzagawa katundu wake. Pamudzi pano ine ndine mkamwini. Mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo mawu ali ndi atsibweni ake, alongo ake a mkazi wanga. Anayala zonse pamphasa, zovala, nsapato, laputopu ija. Ine anandipatsa mpando chapambali, ngati mlendo.

Chibadwire sindinapemphepo kanthu kwa munthu. Tsiku limenelo ndinavula chipewa.

"Alamu, zonsezi tengani. Mundisiyireko makinawo."

"Aa, alamu, inu mukatani nawo? Muziyanikapo usipa?" Ena anaseka chamumtima, ena mokweza. "Pali mng'ono wake uyu, wa kwa mayi ake aang'ono. Ndi mphunzitsi, amuthandiza."

"Muli payipi yanga m'menemo."

"Payipi yanu ili kudimba, alamu."

Mkazi wanga anangozyolika. Ndinavala chipewa changa.

Ndinapirira mwezi. Kenako ndinakwera minibasi kupita ku Chipoka, kumene mphunzitsiyo amakhala. Sindinkafuna kulanda. Ndinkangofuna kuona timadontho tija tikuyenda, kamodzi kokha.

Anandilandira mwaulemu, atagwada. Nditanena chimene ndinabwerera, anagwira pakamwa. Anati makinawo anali okhoma ndi pasiwedi imene ankaidziwa malemu yekha, choncho anapita nawo ku boma kwa okonza mafoni. Kuti atseguke, anafufuta zonse zimene zinalimo.

Anawayatsabe kuti ndidzionere ndekha. Galasi linawala, lobiriwira, lopanda kanthu.

"Pepani, ababa. Sanandiuze."

Anayamba kulira. Ndinamuuza kuti aleke, mlandu alibe, makinawo aziphunzitsira ana. Anatereka tiyi, ndinati ndadya kale. Anafuna kundiitanira kabaza, ndinakana. Kusiteji ndinapita wapansi, pang'onopang'ono, kuti m'minibasi ndikalowe nkhope itauma.