Bulekawe pa Madzi a ku Deira

Ndikukumbukira denga la nyumba yomwe tinkakhala ku Deira, mu mzinda wa Dubai, masiku amenewo sitima ya Metro isanayambe kuyenda. Linali denga lafulati, lodzaza matanki a madzi, zingwe zoyanikapo zovala ndi makina oziziritsa m'nyumba omwe ankalira ngati chigayo. Pansi pake tinkakhala mabanja angapo m'fulati imodzi, banja lililonse chipinda chake, khitchini yolimbirana. Bambo anga, a Phiri, ankagwira ntchito ku kampani yotumiza katundu ku Lilongwe ndi ku Lusaka, ndipo Lachisanu, lomwe linali tsiku lopuma nthawi imeneyo, ankatsogolera mapemphero a Amalawi ndi anzathu a ku Zambia. Anali munthu wamwambo. Ankati popeza mwana wawo akukulira kunja, ulemu uyenera kuwirikiza. Choncho ine ndinkagwada powapatsa madzi ngakhale pa matailosi a ku Dubai, ndipo pamaso pa akulu mawu anga sankaposa a udzudzu. Anandipatsa dzina lakuti Yankho, koma anthu ankaseka kuti mwanayu anangolandira dzina la eni.

M'chipinda chakumapeto munkakhala a Mbewe, omwe aliyense ankawaitana kuti a Bosani, dzina la udindo wawo wakale wa pasitima. Bambo awo anali mtchona wa ku Ntcheu yemwe anapita ku Joni osabwerako, ndiye iwo anabadwira komweko n'kudzalowa usilikali wa panyanja ku Kepi. Atapuma anapeza ntchito pa timasitima tokoka zombo kudoko la Dubai. Chichewa chawo chinali chija anasiyiridwa ndi bambo awo, chakalekale, chothiridwa Chizulu pang'ono. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu zokha. Ana tikafunsa, ankati ziwirizo anasiyira nsomba kuti ziziloza nazo njira.

Madzulo kukayamba kuzizirirako, a Bosani ankakwera padenga ndi kapu ya tiyi wa mkaka, ife ana n'kuwazungulira. Nkhani za mizinga sankazikonda. Imene inkawalitsa maso awo inali ya kumwetsa mafuta sitima yankhondo pakati pa nyanja. Ankati sitima siima ayi. Yonyamula mafuta ndi yankhondo zimayenda limodzi, phewa ndi phewa, madzi apakati pake akuwira ngati mphika wa thobwa. Msilikali amawombera kachingwe kakang'ono ndi mfuti kupita kutsidya. Kachingweko kamakoka chingwe chachikulu, chachikulucho chimakoka waya, ndipo pawayapo ndi pamene pamayenda chipayipi cha mafuta, chakuda, chonenepa kuposa ntchafu ya munthu wamkulu. Akamafotokoza ndinkamva fungo la mafutawo m'mphuno, ndi mchere ukundilasa m'maso.

Malamulo awo anali awiri. Loyamba, chingwe sukulunga padzanja, ngakhale chikuterereka bwanji, ndipo ponena zimenezi ankangokweza zala zitatu zija. Lachiwiri ndi limene linkandizunguza mutu. Ankati sitima zikamangana chonchi, ngozi imabwera mosagogoda: chiwongolero chafa, kapena kwatulukira chombo china kutsogolo. Amene waona ngoziyo ndiye amakuwa, kaya ndi wotsuka mbale, kaya analowa ntchito dzulo. Mawu ake ndi amodzi a Chingerezi, omwe m'kamwa mwa a Bosani ankatuluka kuti bulekawe, kutanthauza kuti patukanani. Akangomveka, hutala imalira, pampu imazima, chipayipi chimabwerera, zingwe zimatayidwa mwadongosolo, sitima n'kupatukana. Ngakhale kaputeni safunsa kuti wakuwayo ndi mwana wa yani. Ndipo zonse zikatha bwino, sitima yomwe yamwa mafuta imachoka ikuliza nyimbo yake pa zokuzira mawu.

Tsiku lina Bambo anakwera kudzaanula malaya awo n'kuimva mbali imeneyi. Anangoti, "Zimenezo n'za kunyanja, a Mbewe. Kumtunda kuno mwana sakuwira akulu." A Bosani anaseka n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Ife tinasandutsa nkhaniyo masewera. Makatoni awiri a firiji anali sitima, payipi ya makina ochapira inali ya mafuta, zingwe za amayi athu zinavutika. Dalitso, mnyamata wa ku Chipata wa chipinda choyandikana ndi chathu, ndiye ankakhala kaputeni nthawi zonse chifukwa cha pakamwa pake. Ine a Bosani anandipatsa udindo wokhala maso a sitima, ati munthu wosalankhula amaona zambiri. Kuona ndinkaonadi. Iwo akamabwera chozemba kuseri kwa thanki, atanyamula mpando pamutu kuti ndi chombo chachilendo, ndinkawaona msanga kuposa wina aliyense. Koma pofika pokuwa, mawu ankandithera pakhosi, chifukwa amene ndikumukuwirayo anali munthu wa imvi. Ndinkangonong'ona. A Bosani ankatsitsa mpando uja n'kunena mwachisoni kuti, "Tamira tonse, mwanawe, koma tamira mwaulemu." Anzanga ankagubuduka ndi phwete, ine zikundiwawa mumtima.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho, gulu la mapemphero linagwirizana zokapitidwa mphepo pa Creek, mkono wa nyanja uja umalowa pakati pa mzinda. Anabwereka maabra awiri, maboti amatabwa a injini omwe amawolotsa anthu kumeneko. Linali Lachisanu masana, dzuwa lofewa, mbalame zoyera zikulimbirana nyenyeswa pamadzi. Kuchokera kumsika kunkabwera fungo la zokometsera ndiwo, losakanikirana ndi la dizilo ndi la nkhuku yokazinga yomwe amayi ananyamula m'mabeseni. Ine ndinakwera boti limodzi ndi Bambo, Mayi ndi amake Dalitso. A Bosani anakwera linalo pamodzi ndi anyamata a kwaya. Ananditcha maso a sitima tisananyamuke, anthu n'kuseka.

Titayandikira kumene Creek imakumana ndi nyanja, injini ya boti la a Bosani inatsokomola n'kuzima. Woyendetsa wake anagwedeza thanki, n'kukuwira mnzake wa boti lathu kuti dizilo khalas, watha. Wathuyo anali ndi chigubu chapadera. Ndikanakonda mukanaona nkhope ya a Bosani nthawi imeneyo. Munthu anayembekeza zaka zambiri kuti adzamwetsenso chombo pamadzi, ndipo lero mwayi unawapeza atavala malaya a kutchalitchi. Anaimirira, anaponya chingwe bwinobwino, mbali ina itamangidwa kuboti lawo. Bambo ndiwo anachiwakha n'kukoka mpaka maboti anagundana mapewa. Chigubu chinawoloka. A Bosani anawerama kuthandiza kuthira, atatifulatira, ndipo kwaya inayambitsa nyimbo, amayi akuwomba m'manja.

Madzi pamenepo ankakoka ndithu, chingwe n'kumaterereka m'manja mwa Bambo, omwe anazolowera cholembera. Ndinawaona akuchikulunga padzanja lamanja, akuchikulunganso, kenako n'kuponda m'mphepete mwa boti kuti alimbe. Nditatembenuka ndinaona chombo chachikulu chamatabwa, cha zija amati dau, chitasenza matayala ndi mafiriji mpaka pamwamba, chikutuluka kupita kunyanja. Sichinkabwera pa ife. Chinkadutsa chapatali ndithu, n'chifukwa chake palibe anachilabadira. Koma m'mbuyo mwake chinkasiya mzere wa mafunde, ndipo mzerewo unkabwera molunjika pamene panali maboti athu. Ndinadziwa kuti funde likanyamula boti limodzi n'kugwetsa linalo, chingwe chikoka, ndipo chapakati pa maboti awiriwo ndi dzanja la Bambo.

Ndinati, "Bambo," koma nyimbo inameza mawuwo. Ndinayesa kukoka chitenje cha Mayi, iwo anangondisisita kumutu akuimbabe. Ndinayang'ana msana wa a Bosani, ndinayang'ana zala zawo zitatu zitagwira chigubu. Kenako ndinayang'ana zala zisanu za Bambo, zitayamba kutuwa ndi kufinyika kwa chingwe. Mantha a dzanjalo anaposa mantha a mwini dzanja. Ndinakwera pabenchi, ndinawaloza Bambo ndi chala pamaso pa mpingo wonse, n'kukuwa ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Mpaka lero ine ndimati ndinanena kuti bulekawe. Koma onse amene analipo amalumbira kuti anamva kuti, "Leka, iwe!"

Nyimbo inaduka pakati. Bambo anatembenuka kukamwa kuli yasa, poti chibadwire changa anali asanamvepo mawu anga akufika patali chomwecho, ndiye lero akuwamva koyamba akutchulidwa kuti iwe. A Bosani okha ndiwo sanafunse kanthu. Sanayang'ane n'komwe chomwe ndaona. Anatseka chigubu n'kubangula, "Bulekawe! Masulani dzanja, a Phiri, tayani chingwe!" Bambo anapukusa mkono, chingwe chinavuka, ndipo nthawi yomweyo funde linafika. Boti lathu linakwera, linalo linatsika n'kutayikira kumbali. Chingwe chija chinathamanga ngati njoka, mfundo yake yakumapeto inakola kachitsulo kokhomedwa m'mphepete mwa boti lathu, chinakungika, kenako tinangomva thabwa kuti thyo. Kachitsuloko kanazuka ndi misomali yake yomwe, n'kugwera m'madzi.

Amayi anakuwa, beseni la nkhuku linakhuthuka, madzi anatinyowetsa tonse. Mafunde atadutsa, aliyense ankayang'ana bowo lomwe linatsala pathabwa paja, kenako n'kuyang'ana dzanja la Bambo, lomwe linali ndi mizere yofiira koma lathunthu. Amake Dalitso ndiwo anayamba kupeza mawu. Anati, "Manje mwana uyu, ati iwe kuli atate ake? Pamenso pa bantu?"

Ndinatsika pabenchi, ndipo mwachizolowezi ndinagwada m'madzi omwe anadzaza pansi pa boti. Ndinkadikira mawu a Bambo. Iwo anatambasula zala zawo, anazipinda, anazitambasulanso, ngati akuziona koyamba. Kenako anandigwira ndi dzanja lomwelo n'kundiimiritsa.

Anati, "Musiyeni, amake Dalitso. Pano tili panyanja."

Kutsidya a Bosani anaimirira njo m'boti logwedezeka, malaya atanyowa, n'kundichitira sawatcha ndi zala zawo zitatu. Injini yawo inalira. Anauza anyamata a kwaya kuti sitima ikapatukana bwino sichoka mwakachetechete, ndipo nyimbo yomwe inaduka ija inayambiranso, mokweza kuposa poyamba. Bambo anandikhazika kutsogolo kwenikweni kwa boti, pamalo a maso a sitima. Ndinaimba nawo mpaka kukafika kudoko, ndipo Mayi ankangondicheukira, kudabwa kuti mawu onsewa ndinkawasunga kuti. Sindinayambe ndanyadapo chomwecho. Dalitso sanalimbirenso ukaputeni sabata yonse.

Zinthu zasintha tsopano. Nyumba ija anaigwetsa, Lachisanu anthu amapita kuntchito, ndipo ana a ku Deira sakweranso padenga, amasewera pafoni m'zipinda zozizira. A Bosani anabwerera ku Kepi, komwe anagona zaka zingapo zapitazo. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ku Dubai Investments Park, kuyang'anira kuti anthu asavulale, ndipo wantchito watsopano aliyense, kaya ndi wa ku Nepal kaya wa ku Mzimba, ndimamuuza tsiku loyamba kuti akaona ngozi akuwe, ngakhale wolakwitsayo ndi bwana. Ena amandiyang'ana mwamantha omwe ndimawadziwa bwino.

Bambo anapuma ntchito, ali ku Dedza, ndipo mwambo sanausiye. Ndikapita kumudzi ndimagwadabe powapatsa madzi, ndipo sindinawatchulenso kuti iwe. Koma tsiku la ukwati wanga, tikuyembekeza kulowa m'tchalitchi, anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamanja, n'kulifinya pang'ono kuti ndimve zala zonse zisanu. Anaweramira kukhutu kwanga n'kunong'ona kuti, "Kumene ukupitaku ukhale waulemu, mwana wanga. Koma ukaona mafunde, usadzanong'one."