Kontena yako yatsekeka, Tereza

Tereza mwana wanga, madzi atizinganso kuno ku Makhanga, ndipo ndakukumbuka. Tsiku lija unatsegula laputopu pakhonde, n'kundionetsa manambala amene ndinkakuwerengera pa ndodo yanga yoyezera madzi a Shire. Unati, "Baba, mapulogalamu onse owerengera ndawalonga m'kontena imodzi, kabokosi kokhoma ka m'kompyuta. Ndikaitsegula pa bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti, imandionetsa nthawi yoti musamuke." Ine ndinauza mudzi wonse kuti mwana wanga amaudziwa mtsinje kuposa asodzi.

Lero anthu akubwera kudzandifunsa. Mlamu wako, amene akundilembera izi, wayesa kutsegula kontena ija, koma mawu achinsinsi otsegulira unapita nawo kumanda. Ndikuyezabe m'mawa uliwonse, madzi akukwerabe. Anthu akandifunsa ngati tiitane bwato, ndimangoti, "Dikirani pang'ono." Ndiwadikiritse mpaka liti, mwanawe?