Wailesi Imene Sinatchule Maliro

M'mawa umenewo ndinali mu mtengo wa mango, waya nditauluma. Inali ntchito yanga ndipo ndinkadana nayo. Bambo anali pansi, wailesi pamiyendo, akundiuza kuti ndikwerebe. Mwera unali utagwetsa waya uja, ndipo popanda waya wailesi yawo inkangolira ngati mafuta m'chiwaya.

Ndinali nditangotha kumene msinkhu. Anzanga ankapita kumtsinje atatchena, ine ndikukwera mitengo ngati pusi. Bambo anali ndi bondo louma ndipo mwana wamwamuna analibe.

Ndili pamwamba ndinaona utsi kumudzi wa patsidya pa dambo. Sunali utsi wa lupsa. Unkakwera nyumba ndi nyumba. Kenako ndinaona mbuzi zikuthamanga zopanda mbusa, ndi mayi wina akuthamanga wopanda mpango kumutu. Mfuti ndinazimva pambuyo pake.

Ndinatsika waya uli m'manja. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake sindinautaye.

Amayi anabereka Marita, mng'ono wanga woyamwa, n'kutola mphika umodzi. Chinangwa anachisiya chili pamphasa. Bambo ananyamula wailesi. Amayi anayang'ana wailesiyo, n'kuyang'ana nkhokwe. Zonenazo anazisunga, ndipo anazinena zonse kutchire, osasiyako ndi limodzi lomwe.

Inu obadwa dzulodzuloli, amene dziko lonse mumalipeza pongodina foni, ndikuuzeni za wailesi imeneyo. Kwathu kunali kumapiri a ku Mozambique, omwe aja mumawaona patsidya kukayera bwino muli pano pa Chintheche. Wailesiyo Bambo anaigula ali mnyamata. Inali ndi mbali ina imene ankaitcha shotiwevu, yogwira mawailesi akutali. Mawailesi akuluakulu olankhula kwa anthu akunja analibe nawo ntchito. Ankati amenewo amayamba avala jekete asanatsegule pakamwa. Iwo ankafuna timawailesi ting'onoting'ono timene dziko limalankhulirapo ndi anthu ake, litavula malaya pakhomo.

Kusanache ankagwira ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi ngati kwathu. Madzulo kunkabwera ku India, akazi oimba ndi timawu toonda. Ku Tanzania kunali makwaya, ku Zaire magitala. Pamene apeza wailesi yatsopano ankakandapo ndi singano pagalasi. Zilankhulo zambiri sankazimva. Ankati safuna mawu, akungomvetsera ngati anthuwo agona atadya. M'mudzi ankati mutu wawo sukoka. Nanenso ndinkatero chamumtima, makamaka tsiku limene agula mabatire ine ndili ndi chitenje chimodzi.

Tinathawira chakumadzulo, mabanja angapo pamodzi. Panjira tinapeza aphunzitsi a pasukulu yathu atagona chafufumimba, atafa, pambali pa njinga yawo. Gudumu lakutsogolo linali lopindika. Njira inali yopapatiza, uku thanthwe uku minga. Tinawalumpha. Amayi analumpha atatseka maso a Marita ndi dzanja, ngati kuti khanda likanadziwa kanthu.

Tinakabisala m'matanthwe pamwamba pa phiri. Wotitsogolera anali amalume a Benedito, mlongo wawo wa Amayi. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Malume ndiye mwini mbumba, ndipo bambo wobereka ndi mkamwini chabe, mlendo wodzalima. Amalume sanali munthu woipa. Anali wamtali, wa mawu aakulu, ndipo chakudya chikachepa ankayamba ndi iwo kunena kuti akhuta.

Tinkadya chinangwa chachiwisi cha m'minda ya anthu othawa. Moto sitinkasonkha masana chifukwa cha utsi. Mkaka wa Amayi unayamba kuuma. Marita analira, analira, kenako anasiya. Ankangotsegula pakamwa osatuluka mawu. Ndinachita mantha kuposa tsiku la mfuti lija.

Amalume anali ataletsa wailesi, poti phokoso likhoza kutigwiritsa. Koma tsiku lina masana anaiitanitsa okha, kuti timve zakwathu. Bambo anapotokola mpaka pa wailesi ya m'chigawo chathu. Munali malipenga. Kenako mwamuna wina anati adani athamangitsidwa, kuli bata, aliyense abwerere kumudzi, pasukulu pakugawidwa ufa.

Mawu oti ufa aja anatilowa ngati madzi. Amayi ena anayamba kulongedza nthawi yomweyo. Amalume anagamula kuti mawa kukacha mbumba yonse ibwerera. Bambo anati ayi, titsikire kunyanja, tikaoloke. Atabwereza, amalume anawatembenukira.

"Alamu, inu pitani kunyanjako ndi kachitini kanuko. Mlongo wanga ndi ana ake akubwerera kwawo."

Mwa mwambo nkhani inathera pomwepo. Amayi anavomera. Anali kuganiza za phala la Marita, ndipo ndani angawanene? Inenso ndinkafuna ufawo. Ndinakwiya nawo Bambo kuti akukangana ndi chakudya.

Bambo sanakangane. Anachotsa mabatire, omwe anali atatsala pang'ono kutheratu, n'kuwayanika pathanthwe lotentha. Analuma lililonse m'mbali ndi mano. Dzuwa litapendeka anawaika m'khwapa. Kwa Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asananyamuke adzamvetsere nawo kamodzi. Amayi anati zaka zonsezi akhala akumva chiphokosocho osafuna, kamodzi kena sikangawaphe.

Kum'mawa kutangoyamba kufiira Bambo anandigwedeza phewa. Anandilozera mtengo wa muwanga umene unali pamsonga pa phiri, poyera, pooneka kuchokera kuchigwa konse. Ndinawauza kuti akufuna kundiphetsa. Anati inde pali ngozi, ndikwere msanga. Ndinakwera. Ndinamanga waya panthambi, ndipo potsika ndinasupuka pamimba.

Tinafunda bulangeti limodzi, mitu itatu, Marita pakati. Wailesi inkamveka pang'ono kwambiri moti tinkachita kugunditsa makutu.

Bambo anayamba ndi ku Brazil. Mayi wina ankawerenga mauthenga, mawu ake akubwera n'kumapita ngati mafunde. Bambo ankamasulira monong'ona. Uje abwere ndi bwato padoko Loweruka. Uje adziwe kuti mkazi wake wachira, mwana ndi wamkazi. Uje abweze nkhumba ya eni ake.

Anapotokola pang'ono n'kugwira ku Malawi. Apa sipanafunike womasulira. Bambo wina ankawerenga mauthenga a maliro m'Chichewa, mosathamanga, dzina ndi dzina, mudzi ndi mudzi, kuti abale amene ali kutali anyamuke. Atatha, mayi wina anakumbutsa azimayi tsiku lopita ndi ana kusikelo.

Kenako anabwerera pa yakwathu. Malipenga. Mwamuna uja, mawu omwe aja, osasintha ndi limodzi. Malipenga. Tinadikira. Mwamuna uja anabwereranso. Mawu anayamba kuchepa, kuchepa, mpaka mabatire anafa. Bambo anafunsa Amayi, powaitana ndi dzina la ine mwana wawo woyamba.

"Amake Luwiza, mwamvapo dzina la munthu?"

Amayi anapukusa mutu. Bambo anawauza kuti zimenezi anazimvapo kumaiko ambiri. Dziko likakhala pabwino wailesi yake imadzaza maina, a omwalira, a okwatira, a otaya ng'ombe. Maina akasowa n'kutsala malipenga, ndiye kuti eni wailesiyo sakudziwa amene ali moyo, kapena sakufuna kuti mudziwe. Sananene zambiri. Sanali munthu wodziwa kukopa.

Bulangeti linali likadali kumutu. Kenako Amayi anati, "Aphunzitsi aja tinawalumpha. Munthu wodziwika chigawo chonse. Sanawatchule."

Anavundukula bulangeti, anamanga Marita kumsana, n'kupita pamene panali amalume. Anagwada monga mwa mwambo. Anthu anali atasenza kale akatundu awo.

"Achimwene, mbumba ndi yanu, sindikukana. Koma kumene akubisa maliro, ine mwana sindipita naye."

Ndinali ndisanaonepo mkazi wa kwathu akukana mlongo wake pagulu. Amalume anakalipa. Anati Amayi alodzedwa ndi chitini, anati anyoza manda a makolo, anati mwanayo akafera panjira mlandu usadzabwere kwa iwo. Amayi anangogwada, osadzuka. Amalume atatopa anavula jekete lawo n'kuliponya pamiyendo pa Amayi, ati panyanja pamazizira, amufunditse mwanayo. Anatembenuka n'kutsogolera anthu kutsetsereka chakum'mawa. Banja limodzi lokha ndi limene linatsala nafe.

Ine sanandifunse. Ndinaima pakati, ndikuyang'ana msana wa amalume. Amayi anandisenzetsa wailesi yakufayo n'kundiuza kuti nditsogole.

Njira ya kunyanja inali yotsetsereka ndipo bondo la Bambo linatupa ngati dzungu. Ankatsamira ndodo mbali ina, ine mbali ina. Amayi ankatafuna chinangwa mpaka chisanduke madzi n'kumamulavulira Marita m'kamwa. Nthawi ndi nthawi ankamutsitsa kumsana n'kuika khutu pachifuwa pake. Akatero tonse tinkaima, osapuma, mpaka amuberekenso.

Kugombe tinapeza ngalawa ya tanga ya a Saidi, wogula nsomba, ikukweza anthu. Inali itadzaza kale. A Saidi anayang'ana mwana, anayang'ana bondo la Bambo, n'kulamula kuti matumba awiri a usipa atsitsidwe. Anandifunsa ngati ndimatha kukapa madzi. Ndinati sindinakwerepo ngalawa. Anati ndiphunzira lero.

Cholinga chinali Likoma, koma mwera unali ndi maganizo ake. Chilumbacho tinangochiona chikudutsa kudzanja lamanja. Mafunde ankalowa, ine ndikukapa ndi mphika wa Amayi uja mpaka manja anachita matuza. Anthu ankasanza. Ena ankapemphera Chikhristu, ena Chisilamu, ndipo palibe ankasokoneza mnzake. Amayi ankaviika nsonga ya chitenje m'nyanja n'kumafinyira Marita pamilomo. Bambo anakumbatira wailesi m'malaya, msana atalozetsa kumafunde.

Tinaona mtunda dzuwa litakwera, tsiku lotsatira. Mchenga woyera, mathandala a usipa, ndi denga la tchalitchi cha Bandawe kuseri kwa mitengo. Asodzi analowa m'madzi mpaka m'chiuno kudzakoka ngalawa. Azimayi amene ankatsuka chinangwa anasiya madengu n'kuthamangira kwa ife, onse akulankhula nthawi imodzi.

Sitinamve ndi liwu limodzi lomwe. Chinali Chitonga. Ife a kumapiri tinkayesa Malawi yense amalankhula ngati wailesi ija. Amayi anatembenukira Bambo, madzi akuchucha m'chitenje, n'kuwafunsa kuti Chichewa chawo chija chili kuti. Bambo, amene ankadziwa za ku Brazil ndi ku India, sankadziwa za patsidya pa nyanja yawo yomwe. Anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi.

Mayi wina wa mwana kumsana sanadikire kumvana. Anavundukula jekete la amalume, anaona nkhope ya Marita, n'kumulanda m'manja mwa Amayi. Anakhala pamchenga pomwepo n'kumuika kubere. Marita sanagwire. Mayiyo anafinyira mkaka pamilomo pake. Tonse tinazungulira. Kakhosi kanagwedera kamodzi, kenako kawiri. Anayamwa pang'ono, n'kusiya, n'kukwinya nkhope.

Ndiye analira. Analira mokwiya, ngati munthu amene amubera. Azimayi a Chitonga aja anaimba nthungululu. Ine ndinalira nawo, mphika uli m'manja. Chibadwire sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Masana omwewo anatiperekeza kuchipatala cha ku Chintheche. Namwino wake anali wa ku Dedza. Atatilonjera m'Chichewa, Bambo anayang'ana Amayi mwamatama, Amayi n'kuyang'ana kumbali. Marita anamukoleka pasikelo. Muvi unangosuntha pang'ono, koma namwinoyo anati mwana wolira chonchi safa.

Sanafe. Ndi uja amalima mpunga ku Limphasa, wonenepa, wolongolola, amene mumamumva ali kutsidya kwa msika. Kondowole tinamuzolowera, Chitonga tinachiphunzira, ngakhale kuti mpaka lero ndikati yewu pothokoza, ana amaseka katchulidwe kanga. Bambo anapeza mabatire mwezi womwewo ndipo ine ndinapezanso mtengo wokwera. Timawailesi tawo tija tambiri tinazima kalekale. Ndikapotokola pa shotiwevu lero ndimapeza mphepo yokhayokha, mwina ndi kamawu kamodzi kakutali, ndipo ndimakamvetsera ndithu ngakhale sindikumva chimene kakunena.

Za amene anabwerera tinazimva patapita nthawi, kwa mayi wina amene anaoloka pambuyo pathu. Anafika pasukulu paja. Ufa panalibe. Panali anthu a mfuti. Ena anathawanso, ena anatengedwa kukasenza katundu. Amalume a Benedito anaima kutsogolo kwa mbumba yawo, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anafera pomwepo. Amayi anatsamira jekete lija mpaka linatha, ndipo sanalole munthu aliyense kunena kuti mlongo wawo analakwitsa.

Tinatsika phiri lija anthu anayi a nyumba imodzi, ndipo tonse anayi tinaponda mchenga uno. Bambo anafa mutu uli mbuu, mano atatha m'kamwa. Amayi anawatsatira patapita zaka, akutikalipirabe za kasesedwe ka pabwalo. Onse awiri anafa ndi ukalamba, pamphasa pawo, ana ndi zidzukulu titawazungulira. Tinawaika ku Bandawe dzuwa likuswa mtengo, tikuimba mokweza, ndipo pobwerera kumanda tinayenda pang'onopang'ono.