Laitala Imodzi Basi

Alamu anga agwira ntchito pabwalo la ndege zaka makumi awiri ndi zitatu, koma ndege sanaikwerepo. Amaima pachipata chounikira katundu atavala magolovesi, n'kumauza apaulendo kuti atulutse zam'thumba. Anzawo anawapatsa dzina loti a Tulutsani, ndipo ngakhale kunyumba timawaitana choncho.

Malamulo amawadziwa. Munthu amaloledwa laitala imodzi kapena kabokosi kamodzi ka machesi, ndipo zizikhala m'thumba la chovala, osati m'sutikesi. Zoposa apo zimaponyedwa m'bokosi lagalasi lomwe lili pambali pa makina. Pantchito ndi munthu wolongosoka. Chilema chawo ndi nsanje.

Anakwatira mlongo wanga ali wamasiye. Mwamuna wake woyamba anali wowotcherera zitsulo. Anasiya mwana mmodzi wamwamuna ndi laitala yachitsulo yoperepeseka m'mbali. Mlongo wanga ankaisunga m'kabati, pansi pa mapepala akuchipatala. Sankaiyatsa, sankaitchula, koma a Tulutsani ankadziwa pomwe ili. Kupikisana ndi wamoyo kuli bwino, mutha kukumana panjira n'kutukwanana. Wakufa sakalamba ndiponso salakwa.

Mwana uja anakula, anapeza ntchito kutali, anakwatira. Mkazi wake atachira, anatumiza tikiti kuti amayi ake akaone mdzukulu, ndipo anapempha kuti amutengere laitala ya bambo ake. Tikitiyo inali imodzi. A Tulutsani anaiwerenga kawiri n'kuibweza.

M'mawa wa ulendo, mlongo wanga ali kosamba, a Tulutsani anatenga laitala yawo yofiira yapulasitiki, yoyatsira chitofu, n'kuilowetsa m'thumba la jekete la mkazi wawo. Kenako anapita kuntchito n'kusinthana malo ndi mnzawo kuti mzere wa ndege imeneyo ukhale wawo. Ankafuna aone kuti pa ziwirizo atenga iti.

Ine ndinaperekeza mlongo wanga mpaka pachingwe pomwe operekeza timathera. Mawu ankamveka.

"Tulutsani zam'thumba, mayi," anatero ngati akulankhula ndi mlendo.

Mlongo wanga anatulutsa foni, kampango, ndi laitala yachitsulo. Atapisa thumba lina anapeza yofiira ija. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Lamulo likuti imodzi," anatero a Tulutsani. "Sankhani."

Mnzawo wa pamakina anaseka. "Akulu, alamuwa mukuwalandanso? Madzulo mukadya kuti?"

"Lamulo lilibe mlamu."

"Abambo," anatero mlongo wanga, "iyi yalowa bwanji m'jekete langa? Yamera miyendo?"

"Ine ndingadziwe? Anthu akudikira, mayi."

Analidi kudikira. Bambo wina wa suti kumbuyo kwake anali atayang'ana kale wotchi katatu. Mlongo wanga anatola yofiira n'kuiponya m'bokosi. Yachitsulo anaibwezera m'thumba.

"Mwafunsa pagulu, ndayankha pagulu. Mukanandifunsa kunyumba ndikanakuuzani kuti iyi ndi ya mwana, si yanga."

Anadutsa pachipata osacheuka. A Tulutsani anatambasula dzanja kuti atsegule bokosi, koma mkulu wawo wapantchito, mayi wosaseka, anali pomwepo.

"Cholowa m'bokosi sichituluka. Mumaphunzitsa ena ndinu."

Anagwira ntchito mpaka folo koloko, laitala yawo ikuwayang'ana m'galasi pakati pa za anthu osawadziwa.

Ataweruka anafika kwathu asanavule yunifolomu.

"Mwaona, alamu? Mlongo wanu wasankha wakufa."

"Wasankha mwana wake. Inu mwasankha manyazi. Tiyi mumwa?"

Anamwa.

Mlongo wanga anapita kukakhala mwezi umodzi, anakhala miyezi inayi. Milungu yoyambirira ankaimbira ine, ndipo a Tulutsani ankabwera kudzafunsa kuti wati chiyani. Ndinkawauza kuti mdzukulu akuyamwa bwino. Za iwo sankandifunsa, ndiye ndinalibe chowauza. A Tulutsani anawonda, ndipo pa lamba anabowola kabowo kena.

Mlongo wanga anabwerako ndithu. Aliyense anamubweretsera kanthu, iwo anawagulira malaya abwino. Akukhala limodzi mpaka lero, ndipo nkhani yapachipata sanaitchulenso. Koma akafuna kutuluka m'nyumba, kaya akupita kumsika kaya kumaliro, amaima pakhomo pamaso pa mwamuna wake n'kupisa matumba onse, limodzi limodzi, asanatsanzike.