Nsomba Imadyedwa Kamodzi, Ine Ndinkadyedwa Tsiku Lililonse

Chinali chitini cha nsomba chopanda kanthu, chotsukidwa bwino, pepala lake la chithunzi cha kansomba konyezimira likadali pomwepo. Aphunzitsi athu ankayenda nacho m'thumba la jekete. Buku lathu la sayansi linali chitini chomwecho m'chaka chimene sukulu idakhala yaulere, ana titasefukira pansi pa mtengo wa mango chakufupi ndi mtsinje wa Lisungwi.

Kansombako, iwo ankati, si usipa ayi. Kamakhala m'nyanja yamchere, kumathero a Mozambiki. Msana wake ndi woderako kuti mbalame zisakaone, mimba ndi yowala, ndipo kamasambira kukamwa kuli yasa, kusefa tizilombo tosaoneka ndi maso. Tinsombati timayenda tambirimbiri, n'kumakhota tonse pamodzi popanda wotsogolera. Nditawauza amalume, adati, "Basi, nazonso zili pa matipate."

Vuto lidayamba aphunzitsi ataganiza zoti tione ndi maso. Ankatiunjika pabwalo, ati ndife gulu la nsomba. Akaliza wenzulo, tonse tinkakhota, fumbi koboo. Chinsomba cholusa chinali mnyamata wina wandevu amene adabwerera kusukulu atamva kuti kulibenso fizi. "Yapakati imapulumuka, yam'mphepete imadyedwa," ankatero aphunzitsi. Wodyedwa ankapatsidwa ndowa kuti akatunge madzi owaza pabwalo.

Ine ndinali wamng'ono, miyendo ngati bango. Zigongono za anzanga zinkandilavulira kunja, wandevuyo n'kundigwira pakolala, akununkha fodya. Ndidadyedwa nyengo yonse yotentha ija. Ndinene poyera kuti apa panalibe chilungamo. M'nyanja nsomba imadyedwa kamodzi.

Ndidadandaula koyamba kwa amayi sabata yoyamba yomweyo. Iwo adangoti, "Nanga ngati wadyedwa, amene akundithera ndiwo muno ndani?" Ndidalemba dandaulo papepala la m'kope, amalume n'kupichirira fodya. Chiyambireni, pepala lililonse ndimasunga ndekha.

Chondiwawa n'chakuti phunziro lenileni linkapitirira ife odyedwa tili kumtsinje. Za kumene nsombazi zimaikira mazira, ndi chifukwa chake sizigundana zikamakhota, zidanenedwa ine ndili ndi ndowa pamutu. Anzanga apakati aja ndawafunsa mmodzimmodzi. Onse akuti adaiwala, ena akukana kuti adakhalako nsomba.

Sindinkadziwa panthawiyo kuti mthunzi sunkatikwana tonse, ndipo kuti aphunzitsi, munthu mmodzi pakati pa khwimbi lotere, ankangofuna njira yochepetsera kalasi popanda kubweza mwana wa munthu kunyumba. Tsopano ndikumvetsa, koma kumvetsa si yankho.

Choncho aphunzitsi, kulikonse kumene mudapumira ntchito, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe, makamaka polemba. Ndikufuna theka la phunziro limene lidandidutsa, komanso mundiuze ngati nsomba yaing'ono imaloledwa kulowa pakati ngakhale tsiku limodzi.