Gawo Lachiwiri Ndinaligonera

Gawo loyamba la filimu ya mzungu wina, mkaidi wakale, tinaonera limodzi ndi amalume kwathu ku Feira. Lachiwiri ndinalipeza ndekha ku Lusaka, nditatopa ndi basi. Mkaidiyo atangonyamula mfuti kukasaka bwana wa zigawenga, ndinagona. Wosesa m'holo ya filimuyo anandidzutsa ndi tsache.

Nditabwerera kwathu, tsiku lina tinabisala m'dzenje, ndeke za ku Rodeshiya zikuzungulira. Amalume, amene anali atangotuluka m'jele pa mlandu wopha njovu, anandinong'oneza: "Iwe Tobiyasi, anathera bwanji munthu wa m'filimu uja?"

Ndinachita manyazi kuvomera kuti ndinagona. Ndinati anagonjetsa bwanayo, n'kubwerera kwawo kukapepesa kwa mkazi wake, n'kuyamba kulima tomato. Inetu tomatoyo sindidziwa kumene ndinamutenga.

M'mawa mwake amalume anabwereka njinga kupita ku Mburuma, kumene akazi awo anabwerera iwo ali m'jele. Anabwera nawo pakaliyala.

Nkhondo itatha ndinawapeza amalume kudimba, ndinaulula kuti ndinanama.

"Ndinadziwira m'dzenje momwemo," anatero, akuthirira. "Mzungu wa mfuti ziwiri alime tomato? Koma ukanati anafa, njinga ija sindikanabwereka."